ALENDO AKAPITA, ENI MUDZI ATSALA NDI CIANI?

Caka ndi caka, Loweruka lomaliza la mwezi wa Febuluwale likayandikira, mudzi wa Mtenguleni pafupi ndi Chipata usanduka mzinda. Mabasi, malole ndi njinga zidzaza mseu, misasa imangidwa usiku umodzi wokha, ndipo anthu zikwizikwi asonkhana kudzaona Nc'wala, mwambo wa Angoni a Inkosi ya Makosi Mpezeni. Pakapita miyezi isanu ndi umodzi, Loweruka lomaliza la Ogasiti, khamu lotere lipezekanso ku Mkaika m'boma la Katete, kumene Acewa a m'maiko atatu adza kudzalamba kwa Kalonga Gawa Undi. Pa masiku amenewa wailesi ilengeza, atolankhani ajambula zithunzi, ndipo akuluakulu a Boma alankhula mau okoma. Koma Lolemba likafika ng'oma zikhala cete, alendo abwerera kwao, ndipo eni mudzi atsala okha. Nyuzipepala ino ifuna kuti lero tiganizire pamodzi za anthu otsalawa, pakuti iwo ndiwo asenza mwambo pamutu, ndipo kawirikawiri iwo ndiwo aiwalika powerenga phindu lake.

Tinene poyambirira, kuti wina asatimve molakwa: ife sitiri m'gulu la aja amene amati miyambo ya makolo ndi kutaya nthawi ndi ndalama. Sitirinso m'gulu la ena amene amati nkhani ya mwambo safunsa mafunso. Cinthu camtengo wapatali ndico ciyenera kufunsidwa kwambiri, cifukwa cikaonongeka palibe sitolo kokacigula.

MTENGO UMENE MAKOLO ANALIPIRA

Anzathu akumidzi, makamaka inu acinyamata, muyenera kudziwa kuti miyambo imeneyi inakhala yosacitika zaka zambiri. Angoni a Zwangendaba anaoloka mtsinje wa Zambezi m'mwezi wa Novembala caka ca 1835, tsiku limene dzuwa linada masana, ndipo anadza nayo Nc'wala yao kucokera kum'mwera. Koma m'caka ca 1898 asilikali a Angerezi ocokera ku Nyasaland anagonjetsa Angoni a Mpezeni, anapha Nsingo mwana wa mfumu amene anatsogolera nkhondo, natenga ng'ombe zikwizikwi. Kuyambira pamenepo Nc'wala inaletsedwa, ndipo inakhala m'mitima ya nkhalamba zokha kwa zaka 82, kufikira caka ca 1980 pamene Mpezeni Wacitatu anaiutsanso.

Kulamba kunaona zomwezo. Atsamunda anakuletsa m'caka ca 1934, ndipo kunayambanso m'caka ca 1984 mwa khama la Kalonga Gawa Undi Wakhumi. Zaka 50 ndi moyo wa munthu. Alipo ana ambiri amene anabadwa, nakula, nakwatira, namwalira osaona mafumu ao atasonkhana pabwalo limodzi. Miyambo yonse iwiri inabwerera m'nthawi ya ulamuliro wa Dr Kenneth Kaunda, dziko litadzilamula lokha, ndipo kubwerera kwake kunali cizindikiro cakuti ufulu wa 1964 sunali wa mbendera cabe.

Tsono tifunse: kodi mwambo umenewu makolo anauika kuti ucite nchito yanji? Nc'wala ndi mwambo wa zipatso zoyamba. Kale kunali kosaloledwa kuti munthu adye dzungu, msale kapena cimanga caciwisi ca caka catsopano mfumu isanalawe ndi kuyamika Mulungu ndi mizimu ya makolo. Lamulo limeneli linali ndi nzeru yake, pakuti linaletsa anthu kuthyola mbeu zosakhwima m'nyengo imene njala iwawa kwambiri. Ng'ombe yamphongo yakuda imene ilasidwa pabwalo ndi nsembe ya mtundu wonse. Kulamba nako ndi nthawi imene mafumu ang'ono aonekera pamaso pa Kalonga, napereka mphatso, nafotokoza za moyo wa anthu ao: ngati kuli njala, matenda, mikangano ya malo kapena mtendere. Cotero mwambo woyamba ndi wa munda, waciwiri ndi wa kupereka malipoti. Yonse iwiri inabadwira kutumikira mlimi wa kumudzi, ndipo mlimi yemweyo ndiye muyeso umene tiyenera kuyesera phindu lake lero.

ZABWINO ZIMENE TIONA NDI MASO

Cabwino coyamba ndi umodzi. Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la caka ca 1891, pamodzi ndi malire ena amene atsamunda analemba pambuyo pake, zinagawa Acewa patatu, ena m'Zambia, ena m'Malawi, ena m'Mozambique. Ku Mkaika mafumu oposa 100 ocokera m'maiko atatuwa akhala pansi pamodzi, ndipo mbumba zimene zinapatukana kalekale zipezana. M'caka ca 2007 atsogoleri atatu, a Levy Mwanawasa, a Bingu wa Mutharika ndi a Armando Guebuza, anakhala pabwalo limodzi ku Kulamba. Ku Mtenguleni nako kufika Angoni a ku Malawi ndi abale ao a kum'mwera kwa Afirika. Ndipo musaiwale cimbuya ca Angoni ndi Abemba, amene kale anali kulasana ndi mikondo koma lero angonyozana moseka. Cimbuya cotere ndi cuma ca dziko, cifukwa anthu oseka pamodzi sacedwa kukhululukirana.

Cabwino caciwiri ndi malonda. Pa masiku a mwambo mai wophika nsima ndi nkhuku, wokazinga zitumbuwa, wogulitsa nshawa, mbatata ndi nthoci apeza ogula ambiri koposa amene angawaone miyezi itatu pamsika wa kwao. Wosema mipini ndi zibonga, woluka madengu, mphasa ndi malicero, woumba mbiya ndi wopalasa njinga yonyamula anthu onse aona ndalama m'manja. Mabanja ambiri agulira ana yunifomu ndi makope, kapena thumba la feteleza, ndi ndalama ya masiku atatu amenewa.

Cabwino cacitatu ndi maphunziro a mtundu. Mnyamata amene abvina ngoma ya Cingoni, atanyamula cishango ndi cibonga pakati pa impi ya kwao, aphunzira mbiri imene sangaipeze yonse m'buku la kusukulu. Mtsikana amene aonera cinamwali ndi cimtali ku Mkaika adziwa kuti ali ndi kwao. Gule Wamkulu, amene amishoni ndi atsamunda anamnyoza zaka zambiri, analengezedwa ndi bungwe la UNESCO m'caka ca 2005 kukhala cuma ca anthu a dziko lonse lapansi, pamodzi ndi Makishi a Aluvale amene abvinidwa pa Likumbi lya Mize m'boma la Zambezi.

Cabwino cacinai ndi liu la mfumu. Mau onenedwa pabwalo la mwambo afika kutali koposa kalata ya ku ofesi. Mafumu aakulu a Cigawo ca Kum'mawa agwiritsa nchito mabwalo amenewa kudzudzula kukwatitsa ana aang'ono ndi kuwacotsa pasukulu, ndiponso kuuza akuluakulu a Boma maso ndi maso za miseu, za feteleza wocedwa ndi za mitengo ya mbeu. Pamene mfumu ilankhula nduna ziri pompo, mudzi wonse ulankhula.

Zimenezi sizicitika kwathu kokha. Alozi ali ndi Kuomboka, pamene Litunga acoka ku Lealui m'bwato la Nalikwanda kupita ku Limulunga madzi akadzaza cigwa. Alunda a Mwata Kazembe ali ndi Umutomboko ku Mwansabombwe kumapeto kwa Julai. Aila ali ndi Shimunenga, Ansenga ali ndi Tuwimba, Akunda ali ndi Malaila. Konseko midzi yolandira alendo ipeza zabwino zofanana ndi zimene tachulazi. Koma konsekonso isenza akatundu ofanana, ndipo akatundu amenewa ndiwo sachulidwa pa malankhulidwe a pabwalo.

WALIRA MVULA WALIRA MATOPE

Katundu woyamba ndi zopereka. Mwambo sucitika ndi mau okha. Pafunika ufa, ndiwo, nkhuni, udzu, mitengo ya misasa, ndalama ya galimoto yonyamula obvina, ndi manja a amai otunga madzi ndi kuphika. Zonsezi zicokera m'midzi kupyolera mwa anyakwawa. Kupereka kwa mfumu ndi ulemu, ndipo ife sititsutsa. Koma tikumbukire kuti Nc'wala igwa mu Febuluwale, mwezi umene nkhokwe zambiri ziri zopanda kanthu ndipo anthu ali kudya kamodzi patsiku poyembekeza masika. Mai wamasiye amene atapa mbale ya ufa m'thumba lake lomaliza apereka zambiri koposa kampani imene ipereka ceke pamaso pa makamera. Iye dzina lake siliwerengedwa pa cinkuzamau. Tsono ngati copereka cisanduka msonkho wokakamiza, wosayang'ana amene ali nazo ndi amene alibe, mwambo wa kuyamika usanduka mwambo wa kudandaula.

Caka ca 2024 cinatiphunzitsa zambiri pa nkhani imeneyi. Loweruka la Nc'wala linagwa pa 24 Febuluwale, cimanga cirikuuma ciriri m'minda ya zigawo zambiri. Patangopita masiku asanu, pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ca caka cimeneco ndi tsoka la dziko lonse. M'caka cotere funso liyenera kufunsidwa poyera: kodi cakudya ca alendo cicokere m'nkhokwe ya yani? Makolo athu sanali kucita phwando lofanana m'caka ca dzinthu ndi m'caka ca njala. Nafenso tiyenera kudziwa kucepetsa madyerero popanda kucepetsa ulemu wa mwambo.

Katundu waciwiri ndi ndalama imene ingodutsa. Anthu amati mwambo ubweretsa ndalama zambiri, ndipo nzoona. Koma tsatani ndalamayo muone kumene igona. Mlendo wolemera acoka ku Lusaka, ulendo wa makilomita oposa 500, agula mafuta a galimoto m'tauni, agona m'hotela ya ku Chipata kapena m'nyumba ya alendo ya ku Katete, afika pabwalo m'mawa, nabwerera dzuwa lisanalowe. Mowa wa m'mabotolo, zakumwa zoziziritsa, zitenje zolembedwa dzina la mwambo ndi zipewa zonse zidza pa malole kucokera kutali, ndipo phindu lake libwerera pa malole omwewo. Amalonda a m'tauni, popeza ali ndi mpamba, atenga malo abwino pafupi ndi cipata ca bwalo, pamene mai wa m'mudzi momwemo ayala nshawa zake kuseri, kumene kupita anthu ocepa. Mudzi ukhala ngati khwawa la m'cilimwe: madzi adutsa ndi mkokomo, m'mawa mwake mutsala mcenga.

Katundu wacitatu ndi madzi ndi zimbudzi. Citsime cimene cimwetsa mabanja makumi asanu sicingamwetse anthu zikwizikwi. Zimbudzi zikacepa anthu apita kuchire ndi m'minda, ndipo mu Febuluwale mvula ikokolola zonyansazo kupita nazo m'madambo ndi m'zitsime zosaphimba. Tisaiwale kolera imene inayamba ku Lusaka mu Okutobala 2023 nifalikira m'zigawo zonse: anthu oposa 20,000 anadwala, oposa 700 anamwalira, bwalo la masewera la Heroes linasanduka cipatala, ndipo masukulu anacedwa kutsegulidwa kufikira mu Febuluwale 2024. Matenda otere ayenda ndi anthu. Mlendo akadwala akwera basi kupita ku cipatala cacikulu ca kwao. Mwini mudzi atsala ndi kacipatala kake kakang'ono ndi citsime coipitsidwa. Kuonjezera apo mapepala a pulasitiki ndi mabotolo osweka atsala mbwee, ng'ombe ndi mbuzi zimeza mapulasitikiwo, ndipo ana oyenda opanda nsapato adzicekaceka.

Katundu wacinai, umene uwawa koposa onse, ugwera ana athu aakazi. Kumene kuli khamu, mowa ndi usiku, kulinso afisi oyenda ndi miyendo iwiri. Mtsikana wotumidwa kukagulitsa zitumbuwa mpaka pakati pa usiku akumana ndi munthu wa ndalama amene mawa sadzamuonanso. Pakapita miyezi iwoneka mimba yopanda mwini, pena ndi kacirombo ka HIV komwe, ndipo sukulu ithera pomwepo. Boma linacotsa malipiro a sukulu m'caka ca 2022 kuti mwana wa mlimi aphunzire kufikira kusekondale. Mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa, kotero kuti ukwati wa mwana wosakwana zaka 18 ulibe mphamvu ngakhale utamangidwa mwa mwambo. Nanga tidzanena ciani ngati mwambo umene mafumu adzudzulirapo zoipazi masana ukhala malo amene zoipazo zicitikira usiku?

Katundu wacisanu ugwera nthaka ndi nyama. Misasa ya caka ndi caka ifuna mitengo, ndipo miphika ikuluikulu ifuna nkhuni. Cigawo cathu cataya kale mitengo yambiri cifukwa ca makala ndi kuocha fodya, ndipo amai ayenda mtunda wautali kukafuna nkhuni. Zikopa za anyalugwe ndi nyama zina zimene obvina abvala sizimera m'munda. Pa nkhani imeneyi Alozi anaonetsa njira: m'caka ca 2019 a ufumu wao anagwirizana ndi bungwe losamala nyama zakuthengo la Panthera kuti opalasa Nalikwanda azibvala zikopa zopanga, zooneka ngati zenizeni. Mwambo sunacepe ulemu, ndipo anyalugwe anapeza mpata wopuma. Caka comweco Kuomboka sikunacitike cifukwa madzi a Zambezi anacepa m'cigwa. Ici ndi cikumbutso cakuti mwambo uli wonse uimirira pa mvula, pa mtsinje ndi pa nkhalango, ndipo zimenezi zikatha, mwambo utsala dzina.

Katundu wotsiriza ndi phokoso la alendo amene aiwala kuti ndi alendo. Makampani a mafoni, a mowa, a mbeu ndi mabanki athandiza ndi ndalama, ndipo tiwayamika. Koma pamene zikwangwani zao ziphimba bwalo ndipo zinkuzamau zao zimeza nyimbo za amai, mwana wa m'mudzi ayamba kuganiza kuti mwambo ndi wa kampani. Comweconso andale: wobwera ndi gulu lake lobvala nsaru za cipani kudzapikisana ndi anzake pamaso pa mfumu wabwera ndi mpeni kuphwando. Ndipo nkhalamba imene inasunga nyimbo za mwambo m'zaka za ciletso iima padzuwa kuseri kwa cingwe, pamene mlendo wosadziwa ngakhale tanthauzo la liu lakuti kulamba akhala pamthunzi. Izi siziyenera kutero.

ZOYENERA KUCITA

Kudandaula kokha sikumanga mudzi. Tsono tipereka maganizo athu kwa makomiti okonza miyambo, kwa anyakwawa, kwa makhansala, ndi kwa inu nonse owerenga.

Coyamba, ndalama ndi katundu yense woperekedwa awerengedwe poyera. Mwambo ukatha, komiti iitane anthu, inene kuti zinalowa zakuti, zinagwira nchito yakuti, zatsala zakuti. Kulamba kwenikweniko ndi kupereka lipoti kwa mwini dziko. Cotero komiti imene ipereka lipoti kwa anthu iri kutsata mwambo, ndipo munthu wofunsa za ndalama asachedwe wamwano. Kumene kuli kuwala anthu apereka mokondwa, ndipo okonza mwambo amene agwira nchito mokhulupirika sanamiziridwa kuba.

Caciwiri, copereka cikhale ca mtima. Amasiye, okalamba, olemala ndi mabanja amene mbeu zao zinapsa asalembedwe m'kaundula wa okakamizidwa. Ana a mtundu amene ali pa nchito ku Lusaka, ku Migodi ndi kunja kwa dziko, amene afika ndi magalimoto onyezimira, ndiwo asenze gawo lalikulu.

Cacitatu, malo abwino a malonda ayambe kupatsidwa kwa eni dera. Koma eni deranso akonzeke. Cala cimodzi siciswa nsabwe: mai mmodzi ndi beseni lake sangapikisane ndi lole ya m'tauni, koma kalabu ya amai makumi awiri kapena kopaletivu ya alimi ingathe kumanga citando caukhondo, kusunga nkhuku ndi mbuzi miyezi isanakwane, kusinja ciponde ca nshawa, kusoka malaya ndi kuluka madengu ambiri. Nshawa za Cigawo ca Kum'mawa nzochuka m'dziko lonse. Nanga bwanji mlendo abwerere kwao ndi botolo lopanda kanthu m'malo mwa thumba la nshawa zathu? Mabanja okhala ndi nyumba zabwino alembetse kwa komiti kuti alandire alendo ogona pa mtengo wogwirizana, kuti ndalama ya malo ogona nayo itsaleko m'mudzi.

Cacinai, mwambo uli wonse usiye cinthu cokhalitsa. Kuyambira caka ca 2022 thumba la CDF linakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu mmodzi, ndipo linakwezedwanso m'zaka zotsatira. Ndalama imeneyi iyamba kupemphedwa m'makomiti a citukuko a m'mawodi, m'mene inu eni ake muli ndi liu. Pitani ku misonkhano imeneyo mukanene kuti midzi yolandira alendo a dziko lonse ifuna mijigo yokwanira, zimbudzi za njerwa, dzenje la zinyalala ndi msika wofoleredwa ndi malata. Zinthu zotere zitumikira alendo masiku atatu, ndipo zitumikira eni mudzi masiku onse otsala a caka. Makampani nawo auzidwe mosabisa kuti amene afuna kupacika cikwangwani cake pabwalo asiyeko mjigo, cipinda ca sukulu kapena mbande za mitengo, ndipo acotse zinyalala zake asanapite.

Cacisanu, ana atetezedwe. Makolo asatume atsikana kukagulitsa malonda usiku. Malo a mowa akhale kutali ndi misasa ya mabanja ndipo atsekedwe pa ola lodziwika. Anamkungwi, aphunzitsi, apolisi ndi anchito a zaumoyo agwire nchito pamodzi, ndipo mnyamata kapena mtsikana wa sukulu amene abvina pa mwambo abwerere m'kalasi Lolemba. Mwana wa mnzako ngwako yemwe: ukaona mwana ali m'manja oipa, usati si wanga.

Cacisanu ndi cimodzi, pa mtengo uli wonse wodulidwa pabzalidwe ina. Nc'wala icitika mvula irikugwa, nyengo yabwino yobzala. Gulu liri lonse lobwera kudzabvina likabzala mbande zocepa cabe ndi kusiya munthu woziyang'anira, pakutha zaka khumi bwalo lidzakhala ndi mthunzi wokwanira nkhalamba zonse, ndipo misasa siidzafuna kugwetsa nkhalango.

Cotsiriza, mudzi usaike moyo wake wonse pa masiku a mwambo. M'caka ca 2020 mliri wa COVID-19 unaletsa misonkhano, ndipo miyambo yaikulu monga Kulamba ndi Kuomboka siinacitike. Amene anali kudalira malonda a masiku amenewo anatsala manja ali m'khosi. Ndalama ya pa mwambo ndi ndiwo. Nsima yeniyeni ikali m'munda, m'dimba ndi m'khola. Wanzeru atenga phindu la pa mwambo nagulira mbeu, mbuzi kapena pampu yothirira, osati kulimwera pomwepo.

MAU OTSIRIZA

Alipo amene adzati tacurutsa zodandaula pa cinthu cokondweretsa. Tiwayankha kuti mwambo sufa ndi lamulo la mdani lokha. Atsamunda analetsa Nc'wala zaka 82 ndi Kulamba zaka 50, koma analephera kuzipha, cifukwa anthu a m'midzi anali kuzikonda mumtima. Coopsa ceniceni ndi tsiku limene mlimi wa pafupi ndi bwalo adzamva kuti mwambo wayandikira, nadandaula m'malo mokondwa, poganizira ufa wake, munda wake wopondedwa, citsime cake ndi mwana wake wamkazi. Tsiku limenelo likadzafika, mabasi adzabwerabe, zithunzi zidzajambulidwabe, koma mwambo udzakhala utasamuka.

Akulu anati mlendo ndi mame. Tiwalandire alendo athu ndi manja awiri monga mwa cikhalidwe cathu, abwere ambiri caka ndi caka, pakuti kubwera kwao ndi ulemu kwa mafumu athu ndi kwa dziko la Zambia. Koma dzina lakuti Gawa litanthauza wogawa, ndipo Undi ndi iye wofungatira anthu ake. Phindu la mwambo ligawidwe cotero, kuyambira kwa mai amene anatunga madzi mbandakuca ndi bambo amene anadula udzu wa misasa. Nchito imeneyi siyembekeza munthu wocokera ku Lusaka. Iyamba pa msonkhano wa m'mudzi mwanu, kwa anyakwawa anu ndi m'komiti ya wodi yanu, ndipo nthawi yoiyamba ndi ino, mwambo wotsatira usanafike.